Mchele wa M'botolo

Mabotolo anali atatu pa shelefu ya sitolo ina ya ku Petauke, ndipo ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali ngati ndikusankha mwamuna. Onse anali a sosi wopaka pa nyama yootcha. Loyamba linali ndi chithunzi cha mphilipili zofiila, ndipo ndinalibweza msanga, poti apongozi anga aamuna anali munthu wachikulile ndipo sindinafune kuti akhetse misozi pamaso pa ana awo. Lachiwili linali la uchi. Limenelo ndinaligwila kanthawi, koma m'makutu mwanga ndinamvelatu amai a kumudzi akuuzana pa mjigo kuti mkazi wa m'tauni uja amathila shuga m'ndiwo. Lachitatu linali lakuda bii, ndipo kutsogolo kwake analemba kuti lili ndi fungo la utsi. Nkhuku yake inali yoti ndikaiwambe, tsono ndinaganiza kuti utsi ndi utsi unzake sizingakangane. Ndinatenga limenelo, n'kuliika m'chikwama pakati pa zitenje kuti lisasweke.

Nthawi imeneyo ndinali nditakhala pabanja zaka ziwili. Kwathu ndi ku Katete, amuna anga kwao ndi ku Luembe, m'boma la Nyimba, ndipo tinkakhala ku Petauke kumene ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale. Mwana tinalibe. Kumudzi kwa amuna anga palibe anandinenapo choipa pamaso, koma ankanditcha aphunzitsi, ndipo ndikangogwila munsi wina ankathamanga kudzandilanda, ati manja a choko angachite matuza. Ine ndili ndi mtima wosafuna kuchepetsedwa. Tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chitafika ndinauza amuna anga kuti ulendo uno atate awo adya nkhuku yowamba ndi manja anga, ndipo mudzi wonse umva fungo lake.

Tinakwela minibasi mpaka pa Nyimba. Tili pamenepo, amai ogulitsa nthochi atazungulila mawindo, ndinamva m'mimba mwanga kupota kumene ndinkakudziwa bwino. Ndinapita kuseli, ndipo ndinapeza kuti mwezi umenewonso wapita pachabe. Amuna anga ndinawauza titakwela kale lole ya ku Luembe. Anangondigwila dzanja.

Pa nkhani ya mchele, Achewa a kwathu ndi Ansenga a ku Luembe sasiyana. Mkazi akakhala kumwezi sathila mchele m'ndiwo. Chimodzimodzinso mkazi amene wagona ndi mwamuna wosakhala wake. Akathila, amati wadula anthu odya ndiwozo, ndipo nthenda yake ndi mdulo: munthu amatsokomola, chifuwa chimathina, mapazi amatupa, ndipo wolakwayo akapanda kuulula, mankhwala sagwila. Ine m'kalasi ndimaphunzitsa kuti chifuwa chimabwela ndi tizilombo, mapapo ndimawajambula pa bolodi ndi choko chofiila. Koma zimene anandiuza alangizi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, nditagwada pa mphasa, sizinandichoke m'thupi. Ngakhale m'nyumba yathu ya ku Petauke, masiku amenewo akafika amuna anga ndiwo ankathila mchele, uku tonse tikuseka kuti ndi zachikale.

Titafika, amene ndinamunong'oneza anali mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, wa msinkhu wanga womwe. Ankakhala pakhomo pa makolo ake ndi ana ake awili, chifukwa mwamuna wake ankagwila nchito ku migodi ya ku Solwezi, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi itatu asanabwele. Anali mkazi wa mawu ochepa, koma ine ndi iye tinkamvana.

“Osavutika, mulamu,” anatelo. “Mchele nizathila ndine. Imwe chitani chabe vinangu.”

Loweluka m'mawa tinagwila tambala wamkulu amene apongozi aakazi anatilozela. Ndinamusosola ndekha, ndinamung'amba pachifuwa n'kumutambasula kuti agone bwino pa waya. Mlamu wanga anamupaka mchele mkati ndi kunja, ine nditaima pambali manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu wolandila chilango. Tinasonkha nkhuni za mupani mpaka zitasanduka makala, pamwamba pake tinaikapo zitsononkho zonyowa kuti zifuke utsi, ndipo waya tinauika pa miyala inayi, patali ndi moto. Nkhuku yowamba safuna phuma. Ndinaitembenuza kuyambila dzuwa likali chapansi mpaka litapendeka, maso akutuluka misozi ndi utsi, osalola wina aliyense kuikhudza.

Khungu litayamba kufiila, mlamu wanga anatenga ndowa n'kupita ku mjigo. Ine ndinatulutsa botolo langa lija. Ndinatsuka nthenga imodzi ya pa phiko la tambala yemweyo, ndinaiviika mu sosi, n'kuyamba kupaka. Ndinapaka, ndinatembenuza, ndinadikila kuti aume, ndinapakanso. Katatu konse. Nkhuku ija inasintha, inada bwino ndipo inkanyezimila ngati nsapato ya tchalitchi. Fungo lake linaitana agalu a makomo atatu.

Mkazi wokwatiwa pakhomo sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna, ndipo sayankhula nawo maso ndi maso. Tsono ndinaonela patali, pa chitseko cha khitchini, iwo akudya ndi mwana wawo, amuna anga, pansi pa mtengo wa mango. Anadya mwakachetechete, akunyambita zala chimodzichimodzi. Atatha anaitana akazi awo, ndipo apongozi aakazi anabwela kwa ine akumwetulila.

“Ati auzeni aphunzitsi kuti choko chiliye kuwaononga manja,” anatelo.

Yotsala anakana kugawila wina aliyense. Anaisungitsa m'nyumba mwawo, anadyako pa Sondo, n'kuimaliza Lolemba. Ine masiku amenewo ndinkayenda pakhomo paja ngati ndakwezedwa pa nchito. Amuna anga anabwelela ku Petauke pa Sondo masana, ine ndinatsala kuti ndikhaleko sabata imodzi.

Lachiwili m'mawa apongozi aamuna sanapite kukatsegulila mbuzi. Ndikusesa pabwalo ndinamva chifuwa chachilendo, chonyowa, chosatha. Anawatulutsa pakhonde. Anakhala pa mpando atawelama, manja pa mawondo, akukoka mpweya movutikila ngati munthu wokwela phili ndi thumba la chimanga. Mapazi awo anali atatupa moti patapata sanalowe. Apongozi aakazi anadina chala pa phazi limodzi, ndipo atachotsa, dzenje la chala linatsala pomwepo osabwelela. Anatumiza mawu kwa mlongo wa odwalawo, azakhali a amuna anga, amene ankakhala mudzi wa kutsidya kwa dambo.

Azakhali anafika dzuwa lili pamutu. Anali mai wamtali, wouma thupi, wosadziwa kunong'ona. Anayang'ana mapazi aja, anamvetsela chifuwa chija, ndipo sanakhale n'komwe pansi.

“Uyu ni mdulo,” anatelo. “Wenze kuthila mchele ni ndani pano?”

“Aphunzitsi ali kumwezi, aliye kugwila mchele,” anayankha apongozi aakazi. “Wenze kuthila ni mwana wanu uyu.”

Maso onse anatembenukila kwa mlamu wanga, amene anali ataima ndi beseni la mbale. Azakhali anamufunsa ngati nayenso ali kumwezi. Anati iyayi.

“Lomba mwanalume wake ni ndani?” anafunsa azakhali, kutanthauza mwamuna amene wagona naye.

“Paliye mwanalume,” anatelo mlamu wanga.

Ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi: mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamika kuti ndinasunga mwambo, kuti manja anga ndi oyela. Mpaka ndinayamba kumuyang'ana mlamu wanga ndi diso lina, ndikuwelenga m'mutu miyezi isanu ndi itatu ija.

Lachitatu kutacha anamukhazika kuseli kwa nkhokwe, azakhali mbali iyi, amai ake mbali inayo. Mawu a azakhali ankamveka pabwalo ponse. Ankati atate ake akufa chifukwa cha iye, kuti mankhwala ali okonzeka m'thumba mwawo koma sangagwile iye asanatchule dzina la mwamunayo. Ine ndinali m'khitchini ndikukonza. Pa kashelefu ka dothi ndinaona botolo langa lija. Apongozi aakazi anali atalisunga kuti aziikamo mafuta ophikila. Ndinalitenga kuti ndikalitsuke, ndipo polinyamula ndinaliona kumbuyo kwake, kumene kuli tizilembo ting'onoting'ono tonena zimene zili mkati. Mphunzitsi akaona zilembo amawelenga asanaganize. Matimati, shuga, viniga, ndipo chachinayi anali mawu achizungu a zilembo zinayi, otanthauza mchele.

Ndinawelenga katatu. Kenaka ndinapisa chala m'botolo n'kunyambita. Pansi pa kutsekemela ndi fungo la utsi, mchele unalimo, womveka bwinobwino, ndipo sindikudziwa kuti Loweluka lija lilime langa linali kuti. Ndinakhala pa fuwa, botolo lili m'manja, ndikuona nthenga ija ikupita ndi kubwela pa khungu la tambala.

Ndinayesa kudziteteza ndekhandekha. Ndinati mchelewo anathila ndi anthu a ku fakitale, osati ine. Koma alangizi sanafunsepo kuti mchele anakumba ndani. Chimene amayang'ana ndi dzanja limene laufikitsa pa ndiwo, ndipo dzanjalo linali langa. Ndinati zonsezi ndi zikhulupililo chabe, mdulo kulibe. Ndikuganiza zimenezo apongozi anatsokomola pakhonde, chifuwa chija chachitali chosafuna kutha. Ndinkaopa kuti munthu uja afa ndi dzanja langa. Koma chimene ndinkaopa koposa chinali choti adziwe. Mkazi wobwela, wosabeleka, wa matama a m'tauni, amene wanyamula mchele m'chikwama kuchokela ku Petauke kudzadula mwini khomo. Ndinadziona ndikukwela lole ya ku Nyimba ndi katundu wanga yense, amai a pa mjigo atasiya kupopa kuti andione bwino.

Ndinakulunga botolo lija m'chitenje, ndinadutsa pabwalo ngati munthu wopita kukadzithandiza, ndipo ndinaliponya m'chimbudzi. Ndinalimva likufika pansi.

Madzulo a tsikulo azakhali anagamula. Mlamu wanga asaphikenso, asagwile mchele, azidyela payekha. Ndipo akapanda kutchula dzina pofika pa Sondo, iwo aitana ankhoswe ndi abale a mwamuna wake, ndipo foni ipita ku Solwezi kuti mwini wake adziwe zimene zikuchitika kumudzi. Aliyense pakhomopo ankadziwa kuti foni imeneyo ikangopita, banja la mlamu wanga latha. Chakudya chake ndinkamupititsila ndine. Ndinkaika mbale pansi pafupi ndi mapazi ake n'kuchoka msanga, osamuyang'ana kumaso. Iye ankangoti, “Zikomo, mulamu.”

Ndinakwela pa chulu cha kuseli kwa khola, pamene pokha pamagwila foni, n'kuimbila amuna anga kuti atate awo ali kayakaya. Za botolo sindinatchule. Anafika Lachinayi ndi galimoto yobweleka kwa mnzawo. Atamva za mdulo anakalipa, anati atate akupita kuchipatala lelo lomwe ndipo sakufuna kumva zina. Koma tikuika matilesi m'galimoto, tili awili, anatsitsa mawu.

“Iwe, uganiza kuti mlongosi wanga angachitedi vamene ivi?”

Ndinati, “Kaya.”

Ndalankhulapo zoipa zambili pa moyo wanga, poti pakamwa panga sipachedwa. Koma choipitsitsa ndi kamawu kameneko, ndipo ndinakanena mofatsa, ndikukonza pilo.

Msewu wochoka ku Luembe kupita pa boma la Nyimba ndi wautali kwa munthu wabwinobwino, nanji wodwala. Apongozi aamuna anatsamila pa akazi awo. Ine ndinakhala ku mapazi kwawo, ndikuyang'ana mapazi otupa aja akugwedezeka pa bampu iliyonse. Ndinkawelenga kupuma kwawo. Akachedwa kukoka mpweya, inenso wanga unkaima. Ndinkapemphela kuti asafele m'njila, ndipo pemphelo lake silinali loyela, chifukwa theka lake ndinkadzipemphelela ndekha. Mlamu wanga anatsala kumudzi ndi azakhali. Ine ananditenga chifukwa ndimadziwa Chizungu, ndingathe kumva zonena madokotala.

Kuchipatala anawalandila msanga. Anawaika timapaipi ta mpweya m'mphuno, anawabaya jekiseni yochotsa madzi m'thupi. Pofika Lachisanu m'mawa ankapumako bwino pang'ono. Amuna anga anali atapita kukabweza galimoto, tsono dokotala atafika pa bedi tinalipo ine ndi apongozi aakazi. Anali mwamuna wodekha, wochokela chigawo china, ndipo ankalankhula Chizungu, ine ndikumasulila. Anati mtima wa adala watopa, ndipo unayamba kutopa kalekale, si za sabata ino. Anati mtima ukatopa madzi amadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Ndikumasulila zimenezi ndinamva ngati wina wanditula mtolo wa nkhuni. Kenaka anafunsa zimene anadya masiku apitawa. Apongozi aakazi anatchula nkhuku yowamba, masiku atatu otsatizana. Dokotala anagwedeza mutu. Anati nyama yowamba imakhala ndi mchele wambili, ndipo mchele wambili ndi umene umautsa nthenda yotele mwadzidzidzi. Kuyambila tsopano adala asamadye mchele.

Ndinamasulila zonse, sindinasiyeko.

“Mwamvwa?” anatelo apongozi aakazi dokotala atachoka. “Na adokotala akamba mchele.”

Kuyambila Lachitatu ndinali nditabisala kumbuyo kwa chipatala. Ndinkadziuza kuti madokotala apeza tizilombo, apeleka mapilitsi, nkhani ya mchele ifa yokha, ndipo mlamu wanga amasulidwa ine osatsegula pakamwa. Tsopano azakhali ndi dokotala, anthu amene sangagwilizane pa chilichonse, onse anali kuloza nkhuku imodzimodzi. Ndinasowa mtengo wogwila.

Masana tinapita ku chisakasa chimene osamalila odwala amaphikilako. Munali amai ambili, aliyense ndi mbaula yake kapena mafuwa ake. Apongozi aakazi ankaphika phala lopanda mchele, ine ndikukupiza malasha. Akutakasa anayamba kulankhula, osati kwenikweni kwa ine. Anati mwana wawo wamkazi uja anamulela bwino, sanamuganizilepo zotele. Anati sakudziwa kuti adzukulu awo awili akula bwanji bambo wawo akawakana. Anati mawa atumiza mawu kwa azakhali kuti asadikilenso Sondo, poti ngakhale chipatala chatsimikiza. Misozi inkatsika pa masaya awo koma dzanja silinasiye kutakasa.

Sindikumbuka ndikuganiza zoti ndigwade. Ndinangopezeka ndagwada pa dothi la phulusa, amai ena atasiya miphika yawo kundiyang'ana.

“Amai,” ndinatelo, “mulamu alibe mlandu. Ndine.”

Anasiya kutakasa.

Ndinawauza zonse mwa dongosolo lake, kuyambila pa sitolo ya ku Petauke. Ndinawauza za nthenga, kuti ndinapaka katatu ndi dzanja langa ndili kumwezi, ndi kuti m'botolo lija munali mchele ine osadziwa. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andimenya ndi mthiko, ndipo ndikanakonda akanatelo. Anangondiyang'ana.

“Botolo lili kuni?” anafunsa.

“Ninataya m'chimbudzi.”

“Liti?”

“Pa Chitatu.”

Anaphula phala, anaika mphika pansi mosamala, anapukuta manja pa chitenje. Kenaka anawelenga pa zala zawo, pang'onopang'ono, kuti ndione. Chitatu, Chinayi, Chisanu.

“Va m'botolo neo siniviziŵa,” anatelo. “Amene anatilanga seo aliye kuvionapo. Kapena vudula, kapena sivudula, aziŵa ni Mulungu. Ivo sembe nakukhululukilani pamene apa, chifukwa mwenze osaziŵa. Koma masiku atatu, aphunzitsi? Mwana wangu otukwaniwa kuseli kwa nkhokwe, mwewo mumupelekela mbale?”

Ndinalila ngati mwana, pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo palibe anandiletsa.

Patapita nthawi anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo. Munali ufa wa mizu umene azakhali anawapatsa ponyamuka, woti wolakwa akaulula athile yekha m'chakudya cha wodwala. Anandiuza kuti nditsineko pang'ono ndithile m'phala, nditakase, ndipo ndikapeleke ndekha. Ine mphunzitsi wa mapapo a pa bolodi ndinatsina, ndinathila, ndinatakasa. Ndinanyamula kapu mpaka pa bedi, ndinagwada, n'kupeleka ndi manja awili. Aka kanali koyamba apongozi aamuna kulandila chinthu kuchokela m'manja mwanga. Anadabwa, anayang'ana akazi awo, koma analandila n'kumwa. Anadzatuluka m'chipatala patapita sabata ndi masiku, atanyamula mapilitsi a tsiku lililonse, ndipo anakhala ndi moyo zaka zinanso zingapo, akudandaula za ndiwo zosakolela. Chimene chinawachilitsa ndimachidziwa ndikakhala m'kalasi. Ndikakhala ndekha sindilimba nacho mtima kwenikweni.

Koma zimenezo zinali zakutsogolo. Tsiku lomwelo, titatuluka mu wodi, apongozi aakazi anandiuza kuti azakhali alankhula nawo okha pa foni, amuna anganso awauza okha.

“Mwewo mailo mukwele muyende kwa mulamu wanu,” anatelo. “Mukakambe na pakamwa panu. Ivo neo siningakunyamulileni.”

Loweluka m'mawa ndinakwela njinga yamoto ya hayala. Njila yonse ndinkakonza mawu, ndikuwasintha, ndikuwataya. Ndinkaopa nkhope yake kuposa mmene ndinaopela ya amai ake. Ndinkaganiza kuti andilavulila, kapena aitana mudzi wonse kuti udzamve, ndipo ndinkadziwa kuti akatelo sakhala atalakwa. Pakhomo ndinapeza zii. Azakhali anali atabwelela kwawo kutsidya kwa dambo foni ya apongozi itangofika, osatsanzika munthu. Mai wina woyandikana nawo anandiuza kuti mlamu ali ku dimba.

Ndinamupeza akuthilila lepu ndi kheni, chitenje atachikwinyila m'mawondo. Anali ataonda m'masiku ochepa amenewo. Atandiona anafunsa za atate ake, ndipo ndinamuuza kuti akupeza bwino, adya phala. Kenaka ndinagwada pa matope pakati pa mizele, n'kuyamba nkhani yanga ija. Sindinafike patali. Ndinangotchula botolo iye n'kundidula.

“Nenze kuziba, mulamu,” anatelo, madzi akali kutsika mu kheni.

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji.

“Pobwela ku mjigo ninakupezani na nthenga m'manja, mwapaka kudala. Ninasebenzapo m'nyumba ya anthu ku Lusaka nikalibe kukwatiwa. Kulibe botolo ya so ilibe mchele.”

“Nanga bwanji simunakambe?” ndinafunsa. “Azakhali pokufunsani, bwanji simunanitchule?”

Anaika kheni pansi n'kuwongola msana.

“Neo pano ni pathu,” anatelo. “Anganitukwane, angakane vakudya vanga, koma kunipitikitsa sangakwanitse, nyumba ni ya amama. Imwe ndimwe alendo, mulibe na mwana wokugwililani pano. Sembe anakupakilani katundu pa Chiwili pamene paja, atate akali kupuma so.”

“Koma chikwati chanu, mulamu. Sembe foni inayenda ku Solwezi?”

“Sembe inayenda,” anatelo. “Nenze kuyopa maningi. Sinenze kudya, simunaone mbale zenze kubwelela?”

Sindinaone. Ndinkatenga mbale zija maso ali kumbali.

Anatolanso kheni yake, anaigwedeza kuti aone ngati mwatsala madzi, ndipo analankhula akuyang'ana lepu, mopanda ukali.

“Neo ninasankha kukhala zii, palibe ananikakamiza. Koma nenze kuganiza kuti muzakamba pa Chitatu, pamene ninakuonani mupita ku chimbudzi na botolo m'chitenje.”

Anatsikila kumtsinje kukatunga madzi ena, ine ndili chigwadile pa matope.